Jakisoni wa ku Aurora anali wothandiza ndani?

Usiku wa pa 24 Ogasiti 2019, mnyamata wa zaka 23 dzina lake Elijah McClain ankabwerera kunyumba wapansi mumzinda wa Aurora, m'chigawo cha Colorado ku America. Anali atagula tiyi wozizira pagolosale. Kumutu anavala chipewa chija chophimba nkhope, chimene abale ake amati ankachivala chifukwa anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi ndipo sankachedwa kuzizidwa. M'makutu munali nyimbo. Munthu wina atamuona akuyenda uku akugwedeza manja, anaimbira apolisi kuti kuno kuli munthu wokayikitsa, ngakhale woimbayo ananena yekha kuti sakuona chida chilichonse.

Apolisi atatu anamugwira, kumugwetsera pansi, kumupana pakhosi mpaka kukomoka kwa kanthawi, n'kumumanga unyolo manja kumbuyo. Makamera a apolisiwo anagwira mawu ake. Ankapepesa. Ankanena kuti akulephera kupuma, kuti iye ndi munthu wofatsa wosazolowera anthu, kuti sapha ngakhale ntchentche. Anasanza kangapo ali chigonere pansipo.

Kenaka anafika achipatala. Ku Aurora, anthu othamangira pangozi kukapereka chithandizo choyamba, amene kumeneko amawatchula ma paramedic, ali pansi pa nthambi yozimitsa moto. Usiku umenewo anabwera Jeremy Cooper ndi mkulu wake Peter Cichuniec. Anaima pambali, anamva zimene apolisi ankanena, ndipo anagwirizana kuti mnyamatayo wagwidwa ndi chimene ankachitcha "excited delirium", kutanthauza kuzunguzika mutu kophatikizana ndi mphamvu zosaletseka. Cooper anamubaya jakisoni wa ketamine, mankhwala ogonetsa, wokwana mamiligalamu 500. Pamene anamulowetsa mu ambulansi, anapeza kuti sakupuma ndipo mtima waima. Anautsitsimutsa mtimawo, koma patapita masiku atatu madokotala anati ubongo wafa. Pa 30 Ogasiti anamuchotsa pamakina.

Masamu ake ndi osavuta. Malangizo amene achipatalawo ankatsatira ankati ketamine aziperekedwa mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi la munthu. Elijah ankalemera makilogalamu pafupifupi 65, ndiye kuti mulingo wake ukanakhala mamiligalamu 325. Mamiligalamu 500 ndi a munthu wa makilogalamu 100. Palibe amene anamuyeza, anangoyerekeza ndi maso, mumdima, munthu ali chigonere pansi pa maondo a apolisi. Ndiye ambiri akamakamba nkhaniyi amaima pomwepa, amati kunali kulakwitsa mulingo wa mankhwala, vuto lodziwika bwino pantchito ya ambulansi.

Ine sindikuvomereza kuti mlandu wagona pa masamuwo. Akanati amubaye mamiligalamu 325 enieniwo, funso langa likanakhala lomweli: jakisoni ameneyo anali wothandiza ndani?

Tiyeni tione zimene zinasoweka usiku umenewo. Achipatalawo sanamuyankhule Elijah. Sanamufunse dzina, sanamufunse pamene pakupweteka. Sanamugwire pamkono kuti amve kugunda kwa mtima, sanawerenge kapumidwe kake asanamubaye. Gulu lofufuza palokha limene khonsolo ya mzindawo inalituma linatulutsa lipoti lake mu Febuluwale 2021, ndipo linanena zomwezi, kuti achipatalawo analandira maganizo a apolisi osamupima wodwalayo moyenera. Pa nthawi imene jakisoniyo ankalowa, mnyamatayo anali atafooka kale, mawu atatha, thupi litalefuka. Munthu wotere amafunika kumugoneka cham'mbali, kumuchotsa masanzi m'kamwa, kumupatsa mpweya. Safunika mankhwala ogonetsa. Amene anapindula ndi kugona kwake ndi anthu amene ankafuna kuti ntchito yawo ya usikuwo ithe mopanda phokoso.

Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi olemera, ndipo ndikudziwa zimene mbali inayo imanena. Cooper ndi Cichuniec anauza bwalo la milandu kuti anachita zimene anaphunzitsidwa. Anaphunzitsidwa kuti "excited delirium" ndi matenda enieni akupha msanga, ndiponso kuti ketamine ndi mankhwala osaopsa amene amapulumutsa munthu wotero. Pamenepa sananame. Kwa zaka zambiri mawu amenewo ankaphunzitsidwa m'makalasi a apolisi ndi achipatala ku America, ndipo bungwe la madokotala a zangozi, American College of Emergency Physicians, linali litawavomereza m'chikalata chake cha 2009. Linadzachikana chikalatacho mu Okutobala 2023, Elijah atagona m'manda zaka zinayi. Chaka chomwecho chigawo cha California chinaletsa kulemba mawuwa ngati chifukwa cha imfa. Choncho amene anawaphunzitsa ali ndi gawo lawo pa imfayi, ndipo gawo lake si laling'ono. Bungwe la atolankhani la Associated Press litafufuza, linalengeza mu 2024 kuti pakati pa 2012 ndi 2021 anthu osachepera 94 anafa ku America atabayidwa mankhwala ogonetsa ali m'manja mwa apolisi. Nambala imeneyi ikusonyeza kuti chizolowezicho sichinali cha anthu awiri okha.

Koma palibe sukulu ya zachipatala padziko pano imene imaphunzitsa kuti ubaye munthu usanamugwire. Ngakhale utakhulupirira ndi mtima wonse kuti wodwala wako ali ndi matenda akutiakuti, umayamba wagwada, wamuyang'ana m'maso, waika zala pamtsempha. Zimenezi sizitenga mphindi imodzi. Mwana wa chaka choyamba kusukulu ya unamwino amazidziwa. Ndipo ukabaya mankhwala amene angathe kuchepetsa kupuma, sumuchotsa maso wodwalayo. Ku Aurora, atamubaya, anamusiya pansi pomwepo kwa mphindi zingapo asanamunyamule.

Poyamba boma linafuna kuti nkhaniyi ingozilala. Wopima mtembo analemba kuti chimene chinamupha sichikudziwika, ndipo woimira boma pamilandu m'deralo anati palibe womuzenga mlandu. Mayi ake a Elijah, a Sheneen McClain, sanatope. George Floyd, bambo wina wa ku America, ataphedwa ndi wapolisi mu Meyi 2020, anthu anakumbukira za Elijah, mnyamata amene ankagwira ntchito yosisita matupi a anthu ndipo pa nthawi yopuma ankapita kukaimbira vayolini amphaka osowa mwini. Bwanamkubwa wa Colorado, Jared Polis, anatuma loya wamkulu wa chigawocho, Phil Weiser, kuti aunikenso nkhaniyo. Lipoti la wopima mtembo linasinthidwa, n'kunena kuti anafa ndi zotsatira za ketamine amene anamubaya atapanikizidwa mwamphamvu. Mu Novembala 2021 mzinda wa Aurora unavomera kupereka chipukuta misozi cha madola 15 miliyoni. Mu Disembala 2023 bwalo linapeza Cooper ndi Cichuniec olakwa pa mlandu wopha munthu chifukwa cha kunyalanyaza. Cichuniec anagamulidwa zaka zisanu m'ndende mu Malichi 2024, ngakhale patapita miyezi ingapo woweruza anasintha chilangocho n'kumutulutsa kuti azikayang'aniridwa ali kunyumba. Cooper sanalowe ndende yaikulu, anapatsidwa miyezi 14 yogona kundende uku akupita kuntchito masana. Mwa apolisi atatu aja, mmodzi yekha, Randy Roedema, ndi amene anapezeka wolakwa.

Chigamulocho chinagwedeza anthu ogwira ntchito za ambulansi m'dziko lonselo. Ambiri anati kuyambira lero aliyense azigwira ntchito ndi mantha, dzanja likunjenjemera, ndipo ena azipewa kupereka mankhwala ofunika poopa ndende. Mantha amenewa sindikuwapeputsa ayi. Ndawaonapo anthu ogwira ntchito imeneyi, ndipo ndikudziwa kuti mu ambulansi mulibe bata la mu ofesi ya dokotala. Galimoto ikudumpha mabampu, magetsi ndi ochepa, wachibale akulira pakhutu pako, ndipo timabotolo ta mankhwala timafanana ngati mapasa. Adrenaline yekhayo, mankhwala odzutsa mtima, amabwera m'mphamvu ziwiri, wina wamphamvu kakhumi kuposa mnzake, ndipo kusokoneza awiriwa ndi vuto lodziwika kwa zaka zambiri. Ku America kuli vuto linanso: kholo limatchula kulemera kwa mwana m'mapaundi pomwe mankhwala amawerengedwa m'makilogalamu, ndiye wotopa akaiwala kugawa ndi 2.2, mwana walandira mulingo woposa kawiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2017 zolakwika za mankhwala zimawononga pafupifupi madola 42 biliyoni pachaka. Munthu aliyense amene wagwira jakisoni kwa zaka khumi, akakhala woona mtima, ali ndi usiku wake umene amaukumbukira akagona.

N'chifukwa chake ndikufuna tiike pambali pa nkhani ya Aurora nkhani ina, ya namwino RaDonda Vaught wa ku Nashville, m'chigawo cha Tennessee. Pa 26 Disembala 2017, pachipatala cha Vanderbilt University Medical Center, mayi wa zaka 75, a Charlene Murphey, ankadikira kulowa m'makina ojambula thupi. Ankachita mantha ndi malo opanikiza, choncho dokotala analamula kuti apatsidwe Versed, mankhwala okhazika mtima pansi. Vaught anapita pakabati ya kompyuta yosungira mankhwala, analemba zilembo ziwiri, V ndi E, koma dzinalo silinatuluke chifukwa kabatiyo inkafuna dzina lina la mankhwalawo, midazolam. Anadumpha chitetezo cha makinawo, analembanso zilembo zija, n'kutenga botolo loyamba limene linaoneka. Linali la vecuronium, mankhwala oumitsa minofu yonse ya thupi, kuphatikizapo yopumira. Mayiyo anamwalira tsiku lotsatira.

Sindikufuna kumuyeretsa Vaught. Pachivindikiro cha botololo panali chenjezo. Mankhwalawo anali a ufa ofunika kusungunula, pomwe Versed ndi wamadzi kale, ndipo zimenezo zikanayenera kumudabwitsa. Naye atabaya anachoka osakhala pambali pa wodwalayo. Kulandidwa kwa chiphaso chake cha unamwino mu 2021 sindikukutsutsa. Koma taonani zina ziwiri. Choyamba, anapita pakabatipo kukatenga mankhwala amene wodwala ankafunikadi, olembedwa ndi dokotala, ofuna kuthandiza mayi wamantha. Chachiwiri, atangozindikira, anaulula yekha nthawi yomweyo, osabisa kanthu. Chimene chinabisa ndi chipatala. Sichinakanene kuboma monga lamulo limafunira, ndipo wopima mitembo anauzidwa ngati imfayo inali yachilengedwe. Nkhaniyo inaphulika mu 2018 chifukwa cha munthu wina amene anatsina khutu akuluakulu a boma mosadzitchula dzina. Pa nthawiyo kudumpha chitetezo cha kabati chinali chinthu cha tsiku ndi tsiku pachipatalapo chifukwa makompyuta ankavuta. Komabe amene anaima yekha m'bwalo la milandu ndi namwinoyo. Mu Malichi 2022 anapezeka wolakwa, ndipo mu Meyi anagamulidwa zaka zitatu zoyang'aniridwa ali kunyumba, anamwino mazanamazana ataima panja pa khoti. A m'banja la malemuwo nawonso anauza woweruza kuti sakufuna kuti apite kundende.

Pamapepala, milandu iwiriyi ili ndi dzina limodzi, kupha munthu chifukwa cha kunyalanyaza. Kwa ine ndi yosiyana ngati usiku ndi usana. Ku Nashville dzanja linaphonya likupita kukathandiza. Ku Aurora dzanja silinaphonye, linatenga mankhwala amene linkafuna, n'kubaya munthu amene linkafuna kumubaya, koma munthuyo sanaonedwe ngati wodwala. Lamulo likalephera kusiyanitsa ziwirizi, limawononga mbali zonse. Likamanga wolakwitsa woulula, limaphunzitsa anzake onse kutseka pakamwa. Likamasula wonyalanyaza ponena kuti aliyense amalakwitsa, limauza anthu ngati Elijah kuti yunifolomu yachipatala ikafika asayembekezere chifundo.

Za kutseka pakamwazi ndikuzinena ndi mtima wonse chifukwa cha usiku wina umene sindidzauiwala. Ndinali gadiyani wa bambo anga pachipatala china chaboma. Wodi inali yodzaza, ena atagona pamatilesi pansi pakati pa mabedi, moti nambala ya bedi imodzi inkaimira anthu awiri. Namwino anali mmodzi. Cha m'ma 10 koloko anadutsa ndi kathireyi kake, anawapatsa bambo mapiritsi, iwo anameza ndi madzi a m'kabotolo kathu. Sipanapite nthawi, ndinamuona akubwerera mothamanga, makina oyezera BP ali m'manja. Anagwada pambali panga n'kunena motsitsa mawu: "Achimwene, ndalakwitsa. Mankhwala ndawapatsa bambowa ndi a awo ali pansiwo, ndi otsitsa BP. Musachoke, ndithandizeni kuwayang'anira." Mtima wanga unagunda ngati ng'oma. Ndinafuna kukalipa, koma panalibe nthawi. Anaitana a kiliniko, anawaika dilipi, anakweza miyendo yawo pa pilo, ndipo usiku wonse ankabwera kudzayeza, akulemba manambala pakapepala kamene anakamata pamutu pa bedi. BP inatsika ndithu, bambo ankati akuona chizungulire ndi mdima, koma pofika mbandakucha inayamba kukwera. Analemba zonse m'faelo ndi dzanja lake lomwe.

Mpaka lero ndimadzifunsa kuti akanakhala kuti anaopa, n'kungokhala chete, zikanatha bwanji. Ine ndikanaona bambo akufooka, n'kumati ndi matenda awo omwe aja. Mwina m'mawa tikanauzidwa kuti zavuta, ife n'kuvomereza kuti ndi chifuniro cha Mulungu. Chimene chinawapulumutsa si luso lapadera, ndi kulimba mtima kwa mtsikana wotopa amene anasankha kunena. Aliyense wofuna kuti wachipatala wolakwitsa azikwizingidwa unyolo nthawi zonse ayambe waganiza za mtsikana ameneyo, ndipo adzifunse ngati akanabwerera akanadziwa kuti mawu ake omwewo akawerengedwa m'khoti.

Koma mtsikana yemweyo ndi amene amandichititsa kukana kuwakhululukira a ku Aurora. Iye anagwada. Anawagwira bambo pamkono. Kwa iye munthu wogona pabediyo anali "bambowa". Cooper ndi Cichuniec anali ndi zipangizo zimene namwino wathu uja sanazilotepo, anali awiri, wodwala anali mmodzi, ndipo nthawi inalipo chifukwa anaima pamalopo mphindi zingapo akudikira kuti mankhwalawo afike. Chimene analibe ndi mtima wouza wapolisi kuti, tadzukani pamenepo, uyu tsopano ndi wodwala wanga.

Ndisaiwale kunenapo za ketamine mwiniwake, chifukwa nkhani ngati izi zimachititsa anthu kuopa dzina la mankhwala. Ketamine si poizoni. Ali pamndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kwambiri, ndipo kwathu kuno ndi amene amagonetsa anthu ambiri m'mafiyeta a zipatala za m'maboma, chifukwa ndi wotsika mtengo, satsitsa BP ngati ena, ndipo nthawi zambiri munthu amapitiriza kupuma yekha. Amayi ambiri amene anachitidwa opaleshoni yobereka magazi akutayika ali moyo chifukwa cha iye. Kusiyana kwake n'kwakuti mufiyeta wogonetsayo amakhala kumutu kwa wodwala, dzanja pachibwano, maso pachifuwa, makina oyamwa masanzi ali pafupi. Mankhwala omwewo ukawapereka kwa munthu amene wapanidwa pakhosi, wasanza, watopa ndi kulimbana, ndiye iwe n'kuyang'ana kumbali, wamutsegulira manda.

Mu 2021 chigawo cha Colorado chinakhazikitsa lamulo loletsa apolisi kulamula kapena kukakamiza achipatala kuti abaye munthu ketamine, komanso lofuna kuti kulemera kwa munthu kuzitsimikizidwa ndipo zipangizo zoyang'anira kupuma zizikhala pafupi. Ndi lamulo labwino, ndipo likundisangalatsa chifukwa likulunjika pamene panali bala: pa ubale wa wapolisi ndi wachipatala. Pamalo a ngozi, wamfuti ndi amene amaoneka wamkulu, ndipo wachipatala wachinyamata savuta kutengeka. Akauzidwa kuti uyu waledzera, uyu wasuta chamba, uyu ndi wamisala, amayamba kuona zomwe wauzidwazo. Safunsa anadya phula, koma pantchito iyi amene amadya phulalo si wosafunsayo, ndi wodwala.

Izi zikutikhudza nafenso pamene ntchito ya ma ambulansi a pangozi, monga ija ya nambala ya 118 pamsewu wa M1, ikuyesa kuzika mizu. Ndani mwa ife sanamvepo za munthu amene anafika pachipatala atamangidwa zingwe, achibale kapena apolisi akuti wapenga, iye n'kubayidwa jakisoni wogonetsa asanayezedwe shuga, malungo kapena bala la m'mutu? Shuga akatsika kwambiri, munthu amalusa ngati woledzera. Malungo a mu ubongo amabwebwetetsa. Wovulala m'mutu amamenya omuthandiza. Onsewa ukawagonetsa usanawapime, umangozimitsa belu limene limakuchenjeza. Tili ndi Medical Council of Malawi, tili ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo ofesi ya Ombudsman inasonyeza mu 2019, pa lipoti lija la amayi ochotsedwa chiberekero m'zipatala zaboma, kuti madandaulo a odwala angathe kufufuzidwa mozama. Chimene ndikupempha mabungwe amenewa n'chakuti dandaulo la mankhwala likafika patebulo pawo, asayambe ndi kufunsa kuti wabaya ndani. Ayambe ndi kufunsa ngati wodwalayo anapimidwa, ngati mankhwalawo anali ofuna kuthandiza iyeyo, ngati wobayayo anakhala naye pafupi, ndiponso ngati ananena zoona atazindikira. Woyankha bwino mafunso amenewa aphunzitsidwe, athandizidwe, ndipo akuluakulu amene anamusiya yekha ndi odwala odzaza wodi ayankhe mbali yawo. Wolephera kuwayankha alandidwe chiphaso, ndipo ngati munthu wafa, akaonekere kukhoti.

Pa zithunzi za usiku uja ku Aurora pali kanthawi kamene kamandivuta kukaonera. Elijah wagona cham'mbali pa udzu, manja kumbuyo, sakuyankhulanso. Achipatala awiri aima pafupi kwambiri, moti akanangowerama pang'ono dzanja likanafika pakhosi pake. Wina akutsimikizira apolisi kuti ketamine akubwera.